Lipenga litalowa magetsi, anzake adati wagulitsa mtundu

Abale anga a m'misika, sabata ino ndale tiziike kaye pansi pa benchi. Ndabwera ndi mlandu wa mkulu wina woimba lipenga wa ku America, dzina lake Miles Davis. Mkuluyu adatisiya mu 1991, koma mlandu wake anthu okonda nyimbo za jazi sadaugamulebe. Ena amati adali katswiri amene adaona kutsogolo anzake ali m'tulo. Ena amati adali kapirikoni, adagulitsa luso lake pofuna ndalama. Nanga adalakwanji? Adatenga nyimbo zimene zinkaimbidwa ndi zida zopanda magetsi n'kuzilumikiza ku magetsi. Mlandu wonse ndi umenewo basi.

Ndikudziwa kuti wina wayamba kale kung'ung'udza kuti za lipenga la ku America zikutikhudza bwanji ife a matemba, tomato ndi kaunjika. Dekhani achimwene, dekhani mayi. Aliyense amene wakhalapo pa benchi zaka zisanu kapena khumi akulidziwa tsiku lija limene makasitomala ako amangokudutsa ngati sakukudziwa, ulendo kwa mnyamata wobwera dzulodzuloli. Katundu wako ndi yemwe uja wabwinobwino, mtengo sunakweze, pulaizi ukuikabe, koma anthu asintha mtima. Pamenepo umatani? Ukakamire katundu amene adakumangira nyumba, kapena usinthe geni? Nanga ukasintha, makasitomala akale aja amene adakukweza uwayang'ana ndi maso anji? Funso limeneli ndi lomwe lidamugwera Miles Davis cha mu 1967.

Poyamba tigwirizane pa mawu. Kwathu kuno tikati jazi bandi, ambiri timaganiza za anyamata a banjo ya chigubu ndi ng'oma za chikopa, aja amaimba pa msika kapena pa depoti. Ku America jazi ndi nyimbo za anthu akuda zimene zidaphukira mumzinda wa New Orleans kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Zida zake ndi lipenga ngati lija la bandi ya apolisi, sakisofoni, piyano, ng'oma ndi chibezi chachikulu cha thabwa choimirira ngati munthu. Chinsinsi chake ndi chakuti gulu likangoyamba mutu wa nyimbo, woimba aliyense amapatsidwa mpata wopeka zake pomwepo, anthu akuonerera. Zili ngati kunenerera mtengo: katundu ndi mmodzimodzi tsiku lililonse, koma mawu amene munakambirana ndi kasitomala wa dzulo si amene mukambirane ndi wa lero.

Miles Davis adabadwa pa 26 May 1926 ku Alton m'chigawo cha Illinois, ndipo adakulira ku East St. Louis. Sadali mwana wa mmphawi ayi. Bambo ake adali dokotala wa mano, adalinso ndi famu, ndipo ndi omwe adamugulira lipenga atakwanitsa zaka 13. Mphunzitsi wake, Elwood Buchanan, adamuletsa kunjenjemeretsa mawu a lipenga monga ankachitira oimba ambiri nthawi imeneyo, n'kumuphunzitsa kutulutsa mawu owongoka, osakometsera. Mu 1944 adapita ku New York kukaphunzira pa sukulu ya nyimbo ya Juilliard, koma sukulu yake yeniyeni idali ya usiku, m'mabala momwe Charlie Parker ndi Dizzy Gillespie ankaimba jazi wa liwiro wotchedwa bebop. Pofika mu 1945 mnyamatayu adali atasiya sukulu, akuimba m'gulu la Parker.

Apa ndi pomwe adayambira kuonetsa nzeru za geni. Dizzy Gillespie ankaliza lipenga mothamanga ndi mokweza ngati mluzu, ndipo Miles pa liwiro limenelo sakadamupeza. M'malo mopikisana ndi munthu womuposa mmero, iye adasankha njira yake: mawu ochepa, apakatikati, ndi timipata ta chete pakati pake. Mu 1949 ndi 1950 adajambula nyimbo zofatsa ndi gulu la anthu 9, zimene pambuyo pake zidatuluka m'chimbale cha Birth of the Cool. Kenako adazolowera kutseka kukamwa kwa lipenga ndi kachitsekero ka chitsulo kotchedwa Harmon, n'kuliyandikiza pa maikolofoni penipeni. Mawu ake ankatuluka ang'onoang'ono, akuthwa, ngati munthu akukunong'oneza za maliro m'khutu. Munthu ukangomva kamodzi, sudzafunsanso kuti akuimbayo ndani.

Sikuti zonse zidayenda myaa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 adalowerera mankhwala ozunguza bongo a heroin, mpaka ntchito idayamba kumuthawa. Adakadzitsekera ku famu ya bambo ake mpaka chilakolakocho chidamusiya, ndipo mu 1955 adakaimba pa chikondwerero cha jazi ku Newport mokuti kampani yaikulu ya zimbale ya Columbia idamulemba. Koma adali ndi ngongole ya zimbale ku kampani yaing'ono ya Prestige. Mukudziwa chomwe adachita? Mu 1956 adalowa m'situdiyo masiku awiri okha ndi gulu lake, momwe mudali John Coltrane pa sakisofoni, n'kujambula nyimbo zokwana zimbale zinayi: Cookin', Relaxin', Workin' ndi Steamin'. Ngongole idathera pomwepo. Munthu wolongosoka amabweza kaye kwa yemwe ankamupatsa katundu wapangongole asadasamukire ku oda ina.

Mu 1959 adatulutsa Kind of Blue, chimbale chimene adachijambula masiku awiri, pa 2 March ndi pa 22 April. Mu bebop maziko a nyimbo amasinthasintha mphindi iliyonse, ndiye woimba amakhala ngati munthu wothamanga m'msika wodzaza, kuzemba uyu, kulumpha dengu ilo. Miles adachotsa zopinga zonsezo. Nyimbo yoyamba pa chimbalechi, So What, idakhazikika pa maziko awiri okha, ndipo woimba adapatsidwa bwalo lalikulu kuti ayende mosapupuluma. Pofika mu 2019 chimbalechi chidali chitagulitsa makope 5 miliyoni ku America kokha, chinthu chosowa pa nyimbo za jazi. Koma tamverani izi. Chimbalechi chidatuluka pa 17 August 1959. Pa 25 August, patangotha masiku 8, Miles adaima panja pa kalabu ya Birdland ku New York komwe ankaimba usiku umenewo, atangoperekeza mayi wina wachizungu kukakwera takisi. Wapolisi adamuuza kuti achokepo. Iye adaloza dzina lake pa chikwangwani, koma adamenyedwa ndi chibonga m'mutu mpaka kusokedwa, n'kugonekedwanso m'chitokosi. Khoti lidamupeza wosalakwa, koma chipsera cha mumtima sichidapole. Musaiwale nkhani imeneyi, ikutithandiza kutsogoloku.

Pakati pa 1963 ndi 1964 adasonkhanitsa gulu lina la anyamata: Herbie Hancock pa piyano, Ron Carter pa bezi, Wayne Shorter pa sakisofoni, ndi Tony Williams pa ng'oma, amene adalowa ali ndi zaka 17 zokha. Odziwa amati gulu limeneli lidafikitsa jazi wopanda magetsi pa nsonga penipeni. Ankaimba atavala masuti ndi mataye, ndipo zimbale zawo monga E.S.P., Miles Smiles ndi Nefertiti zimaphunziridwa m'masukulu a nyimbo. Koma kunja msika udali ukusamuka. A Beatles adafika ku America mu 1964, ana achizungu onse n'kukhamukira ku nyimbo za rock. Ana a anthu akuda adapita kwa James Brown ndi oimba a kampani ya Motown. Makalabu a jazi adayamba kutsekedwa, otsalawo mipando ili gwaa. Mu July 1967 Coltrane adamwalira. Miles adali ndi zaka 41, katundu wake ali wapamwamba kuposa kale lonse, koma achinyamata a mtundu wake akumudutsa.

Akuluakulu adati pakadafunda padajiwitsa galu. Miles sadadikire kuti ajiwe. Herbie Hancock wakhala akusimba kuti tsiku lina adafika m'situdiyo n'kupeza piyano yake ya masiku onse kulibe, bwana wake n'kumulozera kapiyano ka magetsi kotchedwa Fender Rhodes kali pakona. Iye ankakayesa choseweretsa cha ana, koma atakaliza adakakonda. Mu 1968 chimbale cha Miles in the Sky chidatuluka chili ndi piyano ya magetsi, bezi ya magetsi, komanso gitala ya George Benson pa nyimbo imodzi. Ron Carter bezi ya magetsi sadaikonde, ndipo chaka chomwecho adachoka m'gulumo. Chaka chomwechonso Miles adakwatira mtsikana woimba, Betty Mabry, amene nkhope yake ili pa chikuto cha Filles de Kilimanjaro. Banjalo lidatha patangopita chaka, koma mtsikanayu ndiye adamukokera ku nyimbo za Jimi Hendrix ndi Sly Stone, n'kumuvula masuti aja kumuveka zikopa, malaya a mawangamawanga ndi magalasi akuluakulu. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Mwina mukudabwa kuti magetsi okha angasinthe bwanji nyimbo mpaka anthu kudana. Nkhani yake ili chonchi. Chibezi cha thabwa mawu ake amamveka bwino m'kachipinda ka anthu 100 amene akhala chete. Mukachiika m'holo ya anthu 3,000, woimba ng'oma akamenya mwamphamvu, chimamira. Bezi ya magetsi imadutsa mu amplifaya, ndiye mawu ake amakugunda pachifuwa ngakhale uli kumbuyo kwenikweni. Mphamvu imeneyo ikapezeka, kaimbidwe kamasinthanso. M'jazi wakale bezi inkayenda ngati munthu wa pa ulendo, phazi lililonse pamalo pena. M'nyimbo za James Brown bezi imabwereza kachidutswa kamodzi kokhakokha, ng'oma n'kukhazikika pomwepo ngati amayi awiri akusinja mumtondo umodzi. Miles adatenga kusinja kumeneko n'kukuika pansi, oimba ake n'kumapeka zawo pamwamba. Kumapeto kwa 1970 lipenga lenilenilo adalilumikiza ku amplifaya kudzera pa kachipangizo koponda ndi phazi kotchedwa wah-wah, kamene oimba gitala amagwiritsa ntchito. Akaponda, lipenga linkalira ngati mwana, akasiya linkabuula ngati gitala ya Hendrix.

Pa 18 February 1969, tsiku limodzi lokha, adajambula In a Silent Way. M'situdiyo mudali oimba piyano ndi ogani atatu, Hancock, Chick Corea ndi Joe Zawinul, komanso mnyamata wa gitala John McLaughlin amene adali atangofika kumene kuchokera ku England. Kenako pa 19, 20 ndi 21 August chaka chomwecho, chikondwerero chachikulu cha rock cha Woodstock chitangotha, adajambula Bitches Brew. Dzina limeneli sindilimasulira muno, nyuzipepala ino amawerenganso apongozi. Apa adaika oimba ng'oma awiri, mabezi awiri, mapiyano a magetsi awiri kapena atatu nthawi imodzi. Oimba sadapatsidwe nyimbo yolembedwa yonse, koma timizere tochepa, Miles n'kumawalozera ndi chala woti ayambe ndi woti asiye, tepi ikungozungulira. Atatha, wojambula wake Teo Macero adatenga lumo n'kumadula tepiyo, kulumikiza chidutswa ichi ndi icho, china kuchibwereza kawiri, ngati telala wa pakhonde amene akusoka chovala chatsopano kuchokera ku nsalu za m'belo. Nyimbo yoyamba idatalika mphindi 20, yachiwiri mphindi 27. Kwa anthu a jazi wakale zimenezi zidali ngati kuba, chifukwa iwo amakhulupirira kuti chimene mwaimba ndi chomwecho, palibe kusoka.

Chimbalechi chidatuluka mu March 1970. Mkulu wa Columbia, Clive Davis, amene sadali m'bale wake ngakhale dzina likufanana, adamulimbikitsa kuti akaimbe m'maholo a rock a Fillmore ku New York ndi ku San Francisco. Taganizani, munthu amene dzina lake linkalembedwa pamwamba pa chikwangwani adalola kukhala wotsegulira magulu a anyamata monga Grateful Dead ndi Steve Miller Band, n'kulandira malipiro otsika kuposa amene adazolowera. Kumeneko ndiye kuchotsera mtengo kuti ulowe msika watsopano. Pa 29 August 1970 adaimba pa chikondwerero cha Isle of Wight ku England, pamaso pa chinamtindi cha anthu amene amati adakwana 600,000. Bitches Brew chidalandira mphotho ya Grammy mu 1971, ndipo pofika mu 1976 chidali chitagulitsa makope 500,000 ku America. Pamenepo ndi pomwe mfuu idabuka: wagulitsa mtundu! Olemba nkhani za jazi ena adati watsika kuchoka pa mpando wa ufumu kukavina ndi ana. Mmodzi mwa iwo, Stanley Crouch, adamudzudzula kolimba mpaka cha mu 1990.

Tsono ine ndiweruze monga ndikuonera. Kuti Miles ankafuna ndalama, zimenezo n'zoona, ndipo iye sankabisa. Ankakonda magalimoto a Ferrari ndi zovala zodula, ndipo zinkamuwawa kuona anyamata achizungu odziwa makiyi atatu akulemera ndi nyimbo zimene mizu yake ndi ya anthu akuda. Munthu amene adamenyedwa pansi pa chikwangwani cha dzina lake mungamuletse bwanji kufuna gawo lake? Ndipo ndani mwa ife amapita ku msika kukaotha dzuwa? Koma funso langa kwa omunenawo ndi ili: munthu wofuna ndalama zachangu angajambule nyimbo ya mphindi 27, yopanda woimba pakamwa, imene wailesi iliyonse ingaikane? Akadafuna ndalama zosavutikira, njira idalipo. Akadangovala suti yake ija n'kumazungulira dziko akubwereza nyimbo za mu Kind of Blue mpaka ukalamba, ndipo azungu a ndalama akadamuombera m'manja usiku uliwonse. Njira imene adasankha ndiyo idali yoika mpamba wonse pa chiswe.

Ndipo mpambawo udatsala pang'ono kumira ndithu. Mu 1972 adatulutsa On the Corner, chimbale chimene adachikonzera dala achinyamata akuda a m'makwalala. Adaikamo bezi ya Michael Henderson, mnyamata amene adamutenga kwa Stevie Wonder, ng'oma za ku India zotchedwa tabla, ndi magitala okalipa. Olemba nkhani adachinyoza kotheratu, makasitomala akale adathawa, ndipo achinyamata amene ankawafunawo sadabwere mwaunyinji. Chowawa kwambiri, chaka chotsatira mwana wake wa pa ntchito, Herbie Hancock, adatulutsa Head Hunters, chophikidwa ndi ndiwo zomwezo koma chosavuta kuvina, ndipo chidagulidwa ngati zitumbuwa zamoto. Anyamata ena amene adadutsa m'manja mwake nawonso adatsegula mabenchi awo n'kumakokola: Zawinul ndi Shorter ndi gulu la Weather Report, McLaughlin ndi Mahavishnu Orchestra, Corea ndi Return to Forever. Inu amene mudaphunzitsapo mwana wa mlongo wanu geni, lero ali ndi okala yoposa yanu, mukudziwa mmene mtima umachitira. Chodabwitsa n'chakuti On the Corner, chimene chidanyozedwa chija, patapita zaka oimba a hip-hop ndi a nyimbo za makina adayamba kuchitama, mpaka mu 2007 kampani idatulutsanso zonse zimene zidajambulidwa nthawi imeneyo m'bokosi la zimbale zisanu ndi chimodzi. Koma mwini wake adali atagona kale m'manda. Katundu amene wafika msika usadakonzeke amakuwolera m'manja ngakhale ali wabwino.

Thupi nalo lidayamba kukana. Mu October 1972 adachita ngozi ndi galimoto yake ya Lamborghini n'kuthyoka akakolo onse awiri. Adali ndi nthenda ya magazi ya sickle cell, chiuno chinkamupweteka, ndipo ululuwo ankauziziritsa ndi mowa ndi kokeni. Pa 1 February 1975 ku Osaka m'dziko la Japan adaimba kawiri tsiku limodzi, masana ndi usiku, ndipo m'menemo mudatuluka zimbale ziwiri, Agharta ndi Pangaea, zaphokoso ngati chigayo cha dizilo. Chaka chomwecho adaika lipenga pansi. Kwa zaka pafupifupi zisanu adadzitsekera m'nyumba yake ku New York, makatani ali chitsekere. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Ndinenenso pano, kuti wina asamuyese mngelo: mkuluyu ankamenya akazi ake, ndipo adavomera yekha m'buku la mbiri ya moyo wake limene lidatuluka mu 1989. Amayi a m'misika amene mumabwera pa benchi ndi diso lotupa n'kumati mwagunda chitseko, dziwani kuti ine luso la lipenga sindilitenga ngati chikhululukiro cha nkhanza. Lipenga tiliyamikire, chibakera tichidzudzule.

Adabwerera mu 1981 ndi chimbale cha The Man with the Horn, ndipo sadabwerere ku suti. Mu 1985 adaimba pa lipenga nyimbo ya Michael Jackson ya Human Nature ndi ya Cyndi Lauper ya Time After Time, omunena aja n'kugwira pakamwa. Chaka chomwecho adaimba nawo m'chimbale cha Sun City, cha oimba otsutsa tsankho la ku South Africa. Mu 1986, atasamukira ku kampani ya Warner, adatulutsa Tutu, dzina lolemekeza Bishopu Desmond Tutu. Zida zambiri m'menemo adaimba mnyamata mmodzi, Marcus Miller, mothandizidwa ndi makina, Miles n'kudzangoika lipenga pamwamba. Mu 1989 kudabwera Amandla, mawu amene aliyense yemwe adakhalako ku Joni akuwadziwa. Ubale wake ndi kum'mwera kwa Africa udayamba kale. Hugh Masekela, woimba lipenga wa ku South Africa amene adafika ku New York mu 1960, ankasimba kuti Miles adamulangiza kuti asiye kutsanzira jazi wa ku America, aziimba za kwawo zimene wina aliyense kumeneko sakadatha. Masekela adamvera, ndipo mu 1968 nyimbo yake ya Grazing in the Grass idakhala nambala wani ku America.

Nkhondo ndi a jazi wakale sidathe. Mnyamata wa lipenga Wynton Marsalis, amene adatchuka chifukwa chobwezeretsa masuti ndi zida zopanda magetsi, ankamudzudzula poyera. Mu 1986 ku Vancouver m'dziko la Canada, Marsalis adakwera pa nsanja ndi lipenga lake Miles ali mkati moimba, osaitanidwa. Miles adaimitsa gulu lonse n'kumuuza kuti atsike. Taonani mmene zinthu zidatembenukira: mdala wa zaka 60 ali ndi magetsi, mnyamata wa zaka 24 akuteteza zakale. Kwa zaka zambiri Miles ankakana kubwereza nyimbo zake zakale. Adadzalola pa 8 July 1991 ku Montreux m'dziko la Switzerland, Quincy Jones atamunyengerera, n'kuimba nyimbo zimene adakonza ndi Gil Evans m'zaka za m'ma 1950. Pasadathe miyezi itatu, pa 28 September 1991, adamwalira ku Santa Monica ali ndi zaka 65. Chimbale chimene adachisiya m'njira, Doo-Bop, chidatuluka mu 1992, ndipo chidali cha hip-hop. Mpaka kumanda mkuluyu adapita akuoda katundu watsopano.

Tsono tibwerere ku benchi. Sindikukuuzani kuti mawa m'mawa mutaye matemba mukaode mafoni. Miles kumbuyo kwake kudali kampani ya Columbia imene inkamulipirira situdiyo ngakhale chimbale chikapanda kuyenda. Inu mukagwa, wokudzutsani ndi wakatapila, ndipo mukudziwa mmene amadzutsira. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Komanso amene adakana magetsi sadali opusa. Ron Carter uja adakakamira chibezi chake cha thabwa, ndipo mu 2015 buku la Guinness lidamulemba kuti ndiye woimba bezi wa jazi amene wajambulidwa kwambiri pa dziko lonse, maulendo oposa 2,200. Msika wake udachepa koma sudafe, ndipo iye adakhala mfumu ya msika wochepawo. Kukhala pa katundu wako wakale chifukwa ukumudziwa kuposa wina aliyense ndi nzeru. Kukhalapo chifukwa cha mantha kapena ulesi, uko ndiye kugona pofunda.

Chimene ndikufuna mutolepo ndi kasinthidwe kake. Sadalumphe tsiku limodzi. Adayamba ndi kapiyano kamodzi, kenako bezi, kenako gitala, pafupifupi zaka ziwiri akuyesa madzi ndi chala asadalowe thupi lonse. Wanzeru amaika katundu watsopano pakona pa benchi, n'kuona kaye ngati akuyenda. Chachiwiri, sadachite manyazi kufunsa ana. Munthu wa zaka za m'ma 40 ankamvera mnyamata wa ng'oma ndi mtsikana wa zaka 23 kuti kunja kukuvinidwa chiyani. Enafe mwana akatiuza kuti makasitomala akufuna kulipira pa foni, timamukalipira kuti geni tidayamba iye asadabadwe. Chachitatu, ndipo ichi ndiye chachikulu, pali chinthu chimodzi chimene sadachigulitse. Mawu aja owongoka amene Buchanan adamuphunzitsa, ochepa, okhala ndi timipata ta chete, ndi omwewo mu 1959, mu 1970 ndi mu 1986. Zida zomuzungulira zidasintha zonse, zovala zidasintha, omvera adasintha, koma lipenga likangolira umadziwa mwini wake. Pa msika chimenecho ndi sikelo yosabera, mawu osanama ndi nkhope imene kasitomala amaikhulupirira. Amene ali nazo angachoke pa tomato kupita pa kaunjika, anthu amutsatira. Amene alibe, ngakhale atagulitsa golide, kasitomala amabwera kamodzi.

Amene muli ndi foni yolowa pa intaneti, kapena mwana wodziwa kufufuza nyimbo, madzulo ano mukatseka benchi tamverani So What ya mu 1959, kenako mumvere Tutu ya mu 1986. Mukatero mudzaweruze nokha ngati mkuluyu adali kapirikoni kapena wamalonda wochenjera amene adadziwa nthawi yosamukira. Ine ndaponya kale voti yanga: sadagulitse mtundu, adangokana kuwolera limodzi ndi katundu. Amene mukutsutsa, lembani kalata kwa mkonzi, bwalo ndi lanu. Tionana sabata yamawa, geni ikuyendereni bwino.